Maina a Cilatini a Nyimbo za Akatolika

Ansembe a cipani ca Montfort anafika pa Nzama, m'boma la Nceu, m'caka ca 1901. M'zaka zotsatira nchito yao inafalikira m'cigawo ca Shire, kufikira midzi ya ku Cileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre. Masiku amenewo nsembe ya Misa inali kucitika m'Cilatini, cinenero ca Aroma akale. Akristu ambiri analoweza nyimbo zace pamtima, koma tanthauzo la mau anali kulidziwa owerengeka okha.

Cinsinsi ca maina amenewa ndi ici: mwa mwambo wa Mpingo, dzina la nyimbo kapena pemphero licokera ku mau ace oyamba. Cotero Pater Noster ndiko kuti Atate Athu, Ave Maria ndiye Tikuoneni Maria, Credo ndiko kuti ndikhulupirira, ndipo Agnus Dei ndiye Mwana wa Nkhosa wa Mulungu. Magnificat atanthauza kuti ulemekeza, pakuti ndilo liu loyamba la nyimbo imene Maria anaimba pocezera Elizabeti, monga mwalembedwa m'mutu woyamba wa Luka.

Maina ena samveka pa okha. Tantum Ergo, nyimbo yoimbidwa popembedza Ukaristia, itanthauza kuti cacikuru cotere, cifukwa cace. Mau amenewa aoneka oduka popeza ndiwo ciyambi ca ndime ziwiri zotsiriza za Pange Lingua, nyimbo yaitali imene Thomas Aquinas analemba pa nthawi imene Papa Urban IV anakhazikitsa cikondwerero ca Thupi la Kristu m'caka ca 1264.

Makalata a Apapa atsata mwambo womwewo. Rerum Novarum, kalata ya Papa Leo XIII ya m'caka ca 1891, itanthauza za zinthu zatsopano, ngakhale kuti nkhani yace ndiyo malipiro oyenera a anthu anchito. Pacem in Terris, imene Papa John XXIII analemba m'caka ca 1963, ndiko kuti mtendere pa dziko lapansi.

Kusintha kunadza ndi msonkhano waukuru wa Vatican, umene unayamba mu 1962 ndi kutha mu 1965. Pa 4 December 1963 msonkhanowo unaturutsa lamulo lolola zinenero za anthu pa mapemphero a Mpingo. Dzina lace ndilo Sacrosanctum Concilium, ndiko kuti Msonkhano Woyera. Kuyambira pamenepo, pang'ono ndi pang'ono, Akristu a mu Arkidayosizi ya Blantyre, imene inakhazikitsidwa mu 1959, anayamba kumva Misa m'Cicewa.

Komabe Cilatini sicinacokeretu pakamwa pa anthu. Liu lakuti Misa licokera ku missa, mau ouza anthu kuti abalalike mapemphero atatha. Liu lakuti korona, mikanda ija yowerengera mapemphero, licokera ku corona, ndiko kuti cisoti ca ufumu kapena nkhata ya maluwa.