Mkono Wachitsulo pa Kakhadi ka Katoni

Sabata yatha tulo titandithawa, ndinkangoyendayenda pa foni mpaka ndinagwera pa chithunzi cha kakhadi kakale ka ku Japan. Katoni chabe, m'makona modyekadyeka, utoto wowala mopitirira muyeso. Pamenepo panali mnyamata wovala yunifomu ya timu ya Lions, dzina lake Kazuhisa Inao. Ine baseball sindinaisewerepo, koma bambo ameneyu anandigoneka mochedwa usiku umenewo.

Kwa amene simuidziwa, baseball imayenda chonchi: wina amaponya mpira mwamphamvu, wina n'kumayesa kuumenya ndi chibonga. Gemu imodzi imakhala ndi zigawo 9. Kuponyako kumadya phewa ndi chigongono, n'chifukwa chake masiku ano ku Japan woponya amene amayamba gemu nthawi zambiri amatero kamodzi pa sabata basi. Mfundo imeneyi muisunge.

Inao anabadwa mu 1937 ku Beppu, tauni ya m'mphepete mwa nyanja. Bambo ake anali msodzi, ndipo iye anakula akupalasa bwato. Mu 1956 analowa timu ya Nishitetsu Lions ya ku Fukuoka, osatchuka n'komwe. Chaka choyambacho anapambana magemu 21, chotsatira 35. Anthu anamupatsa dzina loti Tetsuwan, kutanthauza mkono wachitsulo.

Nkhani imene ku Japan saiwala ndi ya mu October 1958. Lions inakumana ndi Yomiuri Giants ya ku Tokyo pa mpikisano wa Japan Series, pomwe timu yoyamba kupambana magemu anayi ndiyo imatenga chikho. Giants inapambana atatu oyambirira. Aliyense anati basi, zatha. Apa mphunzitsi wa Lions, Osamu Mihara, anangotsamira pa mnyamata wa zaka 21 uja. Gemu yachinayi Inao anaponya yonse n'kupambana. Yachisanu anachita kulowa pakati, ndipo itafika chigawo cha 10 iye yemweyo anamenya mpira kuudutsitsa mpanda, gemu n'kuthera pomwepo. Yachisanu ndi chimodzi Giants sinapeze ngakhale pointi imodzi. Yomaliza anaponyanso yonse, Lions n'kunyamula chikho. Pa magemu 7, iye anaponya mu 6, zigawo 47. Ochemerera anafika potchula dzina lake pamodzi ndi la Mulungu ndi la Buddha.

Ndiye mu 1961 zinanyanya. Anaponya m'magemu 78, zigawo 404, n'kupambana 42. Chiwerengero chimenechi ku Japan palibe anachiposa mpaka lero, Victor Starffin yekha ndiye amafanana naye.

Koma pajatu akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Timu inazolowera kuti zikavuta, itanani Inao. Mu 1964 phewa linakana, ndipo chaka chonsecho sanapambane ngakhale gemu imodzi. Ndinatenga cholembera n'kuwerengetsa ndekha. Zaka 8 zoyambirira anapambana magemu 234. Zaka 6 zomaliza, mpaka pomwe anasiya mu 1969 ali ndi zaka 32, anapambana 42, ofanana ndendende ndi a chaka chimodzi chija cha 1961. Chitsulo chija chinali mnofu ngati wanga ndi wanu.

Tsopano tibwerere ku kakhadi kaja. Makhadi otchuka a kampani ya Calbee, amene amabwera ndi paketi ya tchipisi, anayamba mu 1973, Inao atasiya kale kuponya. A nthawi yake ambiri anali menko, ndipo menko sanapangidwe kuti azisungidwa. Anali masewera a ana a pamsewu. Mnzako amaika khadi lake pansi, iwe n'kumenyetsa lako pafupi mwamphamvu kuti lakelo litembenuke. Likatembenuka, walitenga. Kumbuyo kwake kunkakhala manambala ndi tizizindikiro ta mwala, pepala ndi lumo, toseweretsanso. Choncho khadi limene mwana ankalidalira ndi lomwe linkamenyetsedwa pansi kwambiri, mpaka kupindika ndi kusupuka.

Si zomwezo zimene Mihara ndi amene anabwera pambuyo pake anachita ndi phewa la Inao? Sindikufuna kuwaweruza msanga. Popanda chisankho chimene chija, nkhani ya 1958 sibwenzi ilipo, ndipo ine sibwenzi ndikulemba za mwana wa msodzi wa ku Beppu. Komabe zimandiwawa kuti chimene timachitama m'mbiri nthawi zambiri ndi chomwe chinapweteka mwini wake. Ife amene tangoyamba kumene ntchito tikuidziwa bwino nkhani imeneyi: ukakhala wodalirika, katundu yense amamusenzetsa iwe, ndipo ukatopa amangoti wasintha.

Inao anamwalira ndi khansa pa 13 November 2007 ku Fukuoka, ali ndi zaka 70. Timu yake inali itagulitsidwa kalekale n'kusamukira ku Saitama. Mu 2012, patapita zaka zisanu iye ali m'manda, ndi pomwe Lions inalengeza kuti nambala yake, 24, wina sadzaivalanso.

Osonkhanitsa makhadi lero amalimbirana menko osakandika, amawatsekera m'pulasitiki, ndipo mtengo wake umakwera. Chithunzi chimene ndasunga m'foni mwanga ndi cha kodyekadyeka kaja.