Ligi imene inatsekedwa anthu akuichemererabe

Lero tiusiye kaye mpira wa miyendo, ndikuuzeni za mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira, umene osewera ake amavala zisoti n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Musathamangire kudutsa, nkhaniyi ili ndi fupa.

Mu 1991 eni ake a NFL, ligi yaikulu ya masewerowa, anayambitsa World League of American Football kuti mpira wawo uwoloke nyanja. Matimu anali 10: asanu ndi limodzi ku United States, imodzi ku Montreal, atatu ku Ulaya, omwe ndi London Monarchs, Barcelona Dragons ndi Frankfurt Galaxy. Pa ndime yomaliza ya chaka chimenecho, anthu oposa 61,000 anakhamukira ku Wembley kukaona London ikuswa Barcelona 21 kwa 0. Mukanakhalapo mukanati basi, zagwira.

Koma kwawo ku America anthu sanaiyang'ane n'komwe. Munthu wozolowera chambo angalipirenso tikiti kuti adye bonya? Itatha sizoni ya 1992, ligi inaima. Inabweranso mu 1995 ndi matimu 6 a ku Ulaya okhaokha, ndipo mu 1998 anaitcha NFL Europe.

Apa ndi pamene ine pamandiwawa. Matimuwa sanali a anthu a m'mizindamo ayi. Mwini anali NFL, ndipo ambiri mwa osewera anali anyamata a ku America otumizidwa kudzaphunzira ntchito. Wochita bwino, chaka chamawa wapita. Kurt Warner, amene ankapanga katundu m'mashelefu a sitolo, anasewerera Amsterdam Admirals mu 1998, ndipo mu Januwale 2000 anali atanyamula chikho cha Super Bowl ndi St. Louis Rams. Nkhani yokoma, eya, koma ya Warner ndi a Rams. Wa ku Amsterdam anangotsala ndi jezi.

Kenako matimu anayamba kuzulidwa ngati chinangwa. Monarchs ija inadzaza Wembley inatha mu 1998, malo ake n'kupita ku Berlin. Barcelona inatsekedwa itatha sizoni ya 2003, Scottish Claymores itatha ya 2004. Pofika 2007, matimu asanu mwa 6 anali ku Germany, chifukwa Ajeremani okha ndi amene anaukondadi mpirawu. Ku Frankfurt ndi ku Düsseldorf anthu ankafika masana kudzayamba chisangalalo kunja kwa bwalo masewero asanayambe.

Pa 23 Juni 2007, Hamburg Sea Devils inagonjetsa Frankfurt Galaxy 37 kwa 28 pamaso pa anthu oposa 48,000. Pasanathe sabata, pa 29 Juni, NFL inalengeza kuti ligi yatha. Nyuzi za nthawiyo zinkati inkaluza madola pafupifupi 30 miliyoni chaka chilichonse. Ndalama ndi zambiri, sindikukana, koma taganizirani wa ku Hamburg: timu yako yangotenga chikho koyamba, mawu sanabwerere n'kukuwa, ukumva kuti timuyo kulibenso. Anamufunsa ndani?

Mu Okutobala chaka chomwecho NFL inabweretsa New York Giants ndi Miami Dolphins ku Wembley, matimu ake enieni, kudzasewera tsiku limodzi n'kubwerera kwawo. Ajeremani aja anadikira mpaka Novembala 2022 kuti masewero otere afike kwawo, ku Munich.