Miyala ya ku Chembe ndi miyala yathu

Alendo akafika ku Chembe, tsidya la Malawi, amakwera boti n'kumazungulira miyala ikuluikulu ya m'mphepete mwa nyanja ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Amaponya nyenyeswa za buledi m'madzi, mbuna zamawangamawanga n'kusonkhana, iwo n'kumajambula. Ambiri amabwerera kwao osadziwa mbiri ya malowo.

Pamapu analembapo Cape Maclear. Dzinali anapereka ndi David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859, polemekeza mnzake Thomas Maclear. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anafika ndi sitima ya Ilala n'kumangapo mishoni ya Livingstonia. Malo anawakomera m'maso, koma malungo sanawacitire cisoni. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, n'kusiya manda amene alipobe mpaka lero.

Mu 1980 boma la Malawi linasandutsa derali kukhala paki, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Cifukwa cacikulu cinali mbuna zomwezo. Tinsomba timeneti timadya ndere za pamiyala, ndipo sitikonda kudutsa pamcenga kapena pamadzi akuya. Motero mulu uliwonse wa miyala uli ndi mitundu yake, ina yosapezeka kwina kulikonse. Zikatha pamalo amodzi, palibe kokatenga mbewu. Lamulo linaletsa kusodza mkati mwa mamita 100 kucokera pagombe la paki, koma mudzi wa Chembe sunasamutsidwe. Asodzi akadalipo, ndipo usipa ndi utaka amakaphera patali.

Ndalemba izi cifukwa miyala yotere ilinso kwathu kuno, kuyambira Meponda, kudzera Metangula, mpaka Cóbuè. Mu 2011 boma la Moçambique linaika mbali yathu ya nyanja m'gulu la malo otetezedwa. Pa wailesi asodzi amandifunsa kawirikawiri ngati tsiku lina adzacotsedwa pagombe la makolo ao. Ndimawauza za Chembe: mudzi ndi malo otetezedwa zikhoza kukhala pamodzi, ngakhale mikangano siisowa.

Koma malire a posodza amagwirizana pamsonkhano. Tsono abale anga, akaitanitsa msonkhano wa komiti ya asodzi, tiyeni tikakhalepo, pakuti amene amadziwa mwala uliwonse ndi dzina lake ndife. Ndipo masikito tiwabwezere kucipinda, cifukwa akalowa m'madzi amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, cakudya ca adzukulu athu.