Ukali wa nsomba za mbuna pa kafukufuku wa ubongo

Mbuna ndi gulu la nsomba zing'onozing'ono za mtundu wa cichlid zomwe zimakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Nsombazi zimadziwika ndi maonekedwe owala komanso ukali poteteza malo awo. Chifukwa cha khalidweli, akatswiri a sayansi amazigwiritsa ntchito, pamodzi ndi mbewa ndi makoswe, pofufuza mmene ukali umayambira mu ubongo.

Kumene zimapezeka

Mbuna zambiri zimapezeka ku Lake Malawi National Park m'boma la Mangochi, makamaka kufupi ndi Cape Maclear. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 1984.

Mbuna yaimuna imasankha mwala kapena mphako n'kumathamangitsa zinzake chaka chonse. Pamalopo ndi pomwe imadya ndere komanso kukopa zazikazi. Nsomba zokhala kumchenga zimasiyana ndi mbuna: zazimuna zimasonkhana pa nyengo yoswana yokha ndipo iliyonse imamanga chisa cha mchenga n'kumachilondera. Chambo, chomwe asodzi a m'dera la Chowe m'mbali mwa nyanja ya Malombe amachidziwa bwino, chimamanganso zisa zotere.

Mmene amayezera ukali

Njira imodzi ndi yoika kalilole m'thanki. Nsomba ikaona chithunzi chake imayesa kuti ndi mdani, ndiye ofufuza amawerenga kuti yaluma kangati, yatambasula zipsepse kangati, komanso yatenga nthawi yaitali bwanji isanayambe ndewu. Pa mbewa amaika yachilendo m'khola la inzake n'kuona zomwe mwini khola achite.

Mu 2020, Nicole Baran ndi Todd Streelman a ku Georgia Institute of Technology ku America anayesa mitundu 7 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi pogwiritsa ntchito kalilole. Anapeza kuti zam'miyala ndi zakumchenga zimasiyana pa ukali. Kenaka anayerekeza ubongo wa Mchenga conophoros ya kumchenga ndi wa Petrotilapia chitimba ya m'miyala. Magulu awiriwa ndi apachibale kwambiri, choncho n'kosavuta kufufuza tizigawo ta DNA tomwe tikuchititsa kusiyanako.

Zomwe zimachitika mu ubongo

Russell Fernald wa ku Stanford University anafufuza kwa zaka zambiri Astatotilapia burtoni, nsomba ya m'nyanja ya Tanganyika. Akachotsa yaimuna yolamulira, ina yomwe inali yofooka imasintha mtundu m'mphindi zochepa n'kuyamba kuthamangitsa zinzake. Pakapita masiku, maselo a mu ubongo wake omwe amayendetsa mahomoni obereketsa amakula. Izi zinasonyeza kuti udindo pagulu ungathe kusintha ubongo.

Chigawo cha ubongo chotchedwa hypothalamus n'chofunika kwambiri pa nkhaniyi, ndipo nsomba, mbewa ndi anthu onse ali nacho. Walter Hess wa ku Switzerland anakwiyitsa amphaka pogwedeza chigawochi ndi mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1949. Mu 2011, Dayu Lin ndi David Anderson anasonyeza kuti maselo ena a m'chigawochi akadzutsidwa, mbewa yaimuna imaluma ngakhale chinthu chopanda moyo.

Palinso serotonin, mankhwala achilengedwe otumiza uthenga pakati pa maselo a ubongo. Mu 1993, Han Brunner anafotokoza za banja lina la ku Netherlands lomwe amuna ena anali ndi vuto pa kachigawo ka DNA kotchedwa MAOA, komwe kamathandiza kuphwanya serotonin. Amunawa ankapsa mtima mwadzidzidzi. Mu 1995 zinapezeka kuti mbewa zazimuna zopanda MAOA nazonso zimakhala zaukali.

Kugwirizana kwake ndi matenda a maganizo

Ukali wopitirira muyeso umaoneka mwa odwala ena, mwachitsanzo amene avulala m'mutu, okalamba amene ayamba kuiwala zinthu, ndi osokonezeka ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Kafukufuku wa nyama amathandiza kudziwa zigawo za ubongo zomwe mankhwala angafike kuti achepetse ukali popanda kugonetsa wodwala.

Komabe njirayi ili ndi malire. Ukali wa mbuna si matenda, koma ndi njira yopezera chakudya ndi kubereka. Munthu amakhudzidwanso ndi kaleredwe, umphawi, malamulo ndi zikhulupiriro, zomwe sizingayezedwe m'thanki. Kuwonjezera apo, anthu ambiri odwala matenda a maganizo sachita zachiwawa, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amachitiridwa nkhanza. Ku Malawi odwala otere amathandizidwa m'zipatala za m'maboma komanso ku chipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba.