Mmene alimi a ku Washington anatengera magetsi ndi madzi m'manja mwao

Kumadzulo kwa dziko la United States of America, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Pacific, kuli cigawo dzina lake Washington. Tisasokoneze ndi mzinda wa Washington kumene kumakhala pulezidenti wa dzikolo. Mzindawo uli kutali kum'mawa. Cigawo tikunenaci ndi ca mapiri, nkhalango, minda ya tirigu ndi ya maapulo. Pakati pake pamadutsa mtsinje waukulu wa Columbia.

M'zaka za m'ma 1920 anthu a m'mizinda ya ku America anali kale ndi magetsi m'nyumba zao. Koma kumidzi kunali mdima. Pa mafamu 10 alionse m'dziko lonselo, imodzi yokha ndiyo inali ndi magetsi. Amai ankatunga madzi ndi ndowa. Abambo ankakama ng'ombe m'bandakuca atapacika nyali ya parafini pa mtanda wa khola.

Cifukwa cake cinali ciani? Magetsi ambiri anali m'manja mwa makampani a anthu a ndalama. Kampani imafuna phindu. Mu mzinda, waya wa kilomita imodzi umafika pa nyumba zambirimbiri. Kumudzi, waya womwewo umangofika pa makomo awiri kapena atatu. Ndiye mlimi akapempha magetsi, kampani inkamuuza kuti alipire yekha mapolo ndi mawaya mpaka pakhomo pake. Akalipira, mawayawo ankakhala a kampani, ndipo mwezi ndi mwezi ankalipira mtengo wokwera.

Koma alimi a ku Washington anali ndi maso. Ankaona kuti mizinda iwiri ya m'cigawo cao, Tacoma ndi Seattle, inali ndi magetsi akeake. Mzinda wa Tacoma unagula kampani ya madzi ndi magetsi kalekale mu 1893. M'mizinda imeneyi anthu ankalipira mtengo wotsika. Alimi anayamba kufunsana: ngati mzinda uli ndi mphamvu yoyendetsa magetsi ake, nanga ife a kumidzi cikutiletsa nciani?

Cimene cinkawaletsa ndi lamulo. Panalibe lamulo lolola anthu a kumidzi kupanga bungwe lotere.

Siginecha 60,000

Alimi anali ndi bungwe lao lakale, dzina lake Grange. Mtsogoleri wake m'cigawoco anali Albert Goss. Loya wina wa ku Tacoma, Homer Bone, amene anali atamenyera kale nkhondo magetsi a anthu onse, anathandiza kulemba lamulo latsopano. Ku Washington, anthu wamba akasonkhanitsa maina okwanira, angathe kutumiza okha lamulo ku nyumba ya malamulo. Alimi anayenda khomo ndi khomo, nasonkhanitsa maina oposa 60,000, kuwirikiza kawiri maina amene ankafunika.

Taganizani, anzathu: munthu aliyense mwa amenewa anagwira colembera ndi dzanja lake, nalemba dzina lake.

Mu 1929 nyumba ya malamulo sinavomereze. Conco nkhani inapita kwa anthu onse pa cisankho ca mu Novembala 1930. Makampani anataya ndalama zambiri pouza anthu kuti lamuloli lidzakweza misonkho ndi kugwetsa anthu m'ngongole. Komabe pa anthu 100 alionse amene anavota, 54 anati inde. Lamulo linayamba kugwira nchito mu 1931.

Lamuloli linati anthu a dera limodzi angathe kuvota kuti apange bungwe lao la madzi ndi magetsi. M'Cingerezi dzina lake ndi Public Utility District, mwacidule PUD. Bungweli si kampani, ndipo si nthambi ya boma lalikulu. Ndi kaboma kakang'ono ka dera, ka nchito imodzi yokha: kufikitsa madzi ndi magetsi kwa anthu pa mtengo wongokwanira kuyendetsa nchitoyo. Linapatsidwa mphamvu yobwereka ndalama, yomanga, yogula, ngakhalenso yotenga mawaya a kampani kudzera m'bwalo la milandu, kampaniyo nkulipidwa mtengo umene bwalo lagamula.

Zinthu sizinayende msanga. Makampani anakadandaula ku mabwalo. Mu 1934 anthu a madera a Mason, Benton ndi Franklin anavota kupanga mabungwe oyamba. Limene linayamba kugawa magetsi linali laling'ono ndithu, PUD nambala 1 ya dera la Mason, m'mphepete mwa madzi a Hood Canal, mu 1935. Mu 1936 bwalo lalikulu la cigawo linagamula kuti lamuloli ndi loyenera, ndipo madera ambiri anatsatira. A ku Skagit anapanga lao caka comweco, ndipo iwo anasankha nchito ya madzi akumwa.

Kodi bungwe laling'ono lotere likanapeza kuti magetsi oti ligawe? Apa mwai unabwera kucokera ku mtsinje. Boma la pulezidenti Franklin Roosevelt linali kumanga madamu awiri akuluakulu pa Columbia, la Bonneville ndi la Grand Coulee. Mu 1937 linakhazikitsa ofesi yogulitsa magetsi a madamuwa, yodziwika ndi dzina lakuti Bonneville Power Administration, ndipo lamulo linati mabungwe a anthu ndi makooperativa ndiwo azikhala oyamba kugula. Makampani azibwera pambuyo.

Tisabise mbali ina ya nkhaniyi. Damu la Grand Coulee linatseka njira ya nsomba zazikulu za salmon, zimene zinkakwera mtsinje kucokera ku nyanja kukaikira mazira. Linamizanso mathithi a Kettle Falls, kumene mitundu ya eni dziko inkapha nsomba kuyambira makolo ao. Magetsi otsika mtengo a mlimi analipidwa ndi anthu ena amene sanafunsidwe.

Anthu atatu pa tebulo

Tsopano tione mmene bungwe lotere limayendetsedwera, cifukwa apa ndipo pagona nkhani.

Anthu a m'dera amasankha oyang'anira atatu. Mabungwe ocepa akuluakulu, monga a ku Grant ndi ku Chelan, ali ndi asanu. Dera limagawidwa patatu, ndipo woyang'anira aliyense ayenera kukhala nzika ya gawo lake. Amakhala pa mpando zaka 6. Koma satsika onse pamodzi. Zaka ziwiri zirizonse mpando umodzi umapita ku cisankho. Motero nthawi zonse pamatsala awiri odziwa kumene nchito yafika, ndipo watsopano amaphunzira kwa iwo.

Oyang'anirawa kawirikawiri si mainjiniya. Ndi alimi, aphunzitsi, eni masitolo, anthu opuma pa nchito. Sakwera mapolo, sakumba ngalande za mapaipi. Amalemba nchito manijala, ndipo manijala ndiye amalemba anchito ena onse ndi kuwalamula. Woyang'anira akayamba kulamula yekha anchito, zinthu zimasokonekera, pakuti wanchito sadziwa womumvera. Manijala nayenso akayamba kubisa mapepala, oyang'anira amasanduka anthu ongogwedeza mutu. Mbali iriyonse iyenera kudziwa malire ake.

Nchito yaikulu ya anthu atatuwa ndi kuvomereza ndondomeko ya ndalama za caka, kuvomereza ngongole, ndi kuika mtengo wa madzi ndi magetsi. Makampani a eni ake amakapempha cilolezo ku ofesi ya boma la cigawo asanakweze mtengo. Bungwe la anthu silitero. Oyang'anira amagamula okha, ndipo wowadzudzula ndi wovota.

Kuika mtengo si nchito yapafupi. Ndalama zolowa ziyenera kulipira magetsi ogulidwa ku damu, malipiro a anchito, ngongole ndi ciwongola dzanja cake. Ziyeneranso kutsalako zina zosunga. Mphepo yamkuntho ikagwetsa mitengo pa mawaya usiku, anchito ayenera kutuluka usiku womwewo, ndipo mapolo atsopano ayenera kukhala ali kale m'nkhokwe. Pampu ya madzi imatha. Thanki imacita dzimbiri. Paipi yokwiriridwa pansi zaka 50 zapitazo imadontha popanda woiona.

Ciyeso ca woyang'anira ciri pamenepa. Akakweza mtengo, amene akudandaula ndi mnansi wake, amene amakumana naye ku sitolo ndi ku maliro. Akasiya mtengo uli pansi, anthu amamuyamika ndi kumusankhanso, koma mapaipi akuola. Tsiku lina zonse zidzafunika kukonzedwa nthawi imodzi, ndipo mtengo udzalumpha kwambiri. Ine ndimaona kuti woyang'anira amene amakweza pang'onopang'ono, nafotokoza cifukwa cake poyera, ndiye amasunga bwino katundu wa anthu, ngakhale sakondedwa tsiku limenelo.

Pali vuto linanso la mabungwe amene amagawa zonse ziwiri. Si onse olandira magetsi amene amalandiranso madzi. Ena ali ndi zitsime zao. Kodi ndi bwino kuti munthu wa citsime cake alipirire thanki ya mudzi wina? Ncifukwa cake mabuku a ndalama za madzi ndi a ndalama za magetsi amalembedwa padera.

Pofuna kuti anthu atatu asamapangire zinthu m'kacipinda, cigawo cinaika malamulo ena. La mu 1971 linati misonkhano ya mabungwe a boma izicitika poyera, munthu aliyense alowe ndi kumva. Pa tebulo la anthu atatu, awiri ndiwo ambiri. Tsono awiri akakumana paokha nagwirizana za nchito ya bungwe, aphwanya lamulo. La mu 1972 linapatsa munthu aliyense ufulu wopempha kuona mapepala. Ndipo ofesi ya wofufuza mabuku wa cigawo imabwera kudzawerengera ndalama.

Pamene anasaina cimene sanacimvetse

Malamulo onsewa analipo, koma sanaletse tsoka limene linagwa pambuyo pake.

Mu 1957 mabungwe angapo anagwirizana kupanga bungwe limodzi lalikulu lomanga malo opangira magetsi, lodziwika ndi zilembo WPPSS. Nthawi imeneyo akatswiri ankati anthu adzafuna magetsi owirikiza kawiri zaka 10 zirizonse. Malo abwino omangapo madamu anali kutha. Ndiye m'zaka za m'ma 1970 bungweli linayamba kumanga mafakitale asanu a magetsi a nyukiliya, atatu ku Hanford ndi awiri ku Satsop. Linali lisanamangepo nchito yaikulu cotero.

Mu 1976 ofesi ya Bonneville inacenjeza kuti pofika 1983 magetsi ake sadzakwanira onse. Oyang'anira a mabungwe ang'onoang'ono anacita mantha. Ndani angafune kuti dera lake likhale mu mdima? Caka comweco mabungwe 88 a m'zigawo zingapo anasaina pangano la fakitale yacinai ndi yacisanu. M'panganomo munali mau oopsa. Anati aliyense adzalipira gawo lake la ngongole, kaya fakitale yatha kumangidwa kaya sinathe, kaya yatulutsa magetsi kaya sinatulutse. Kuli ngati kulonjeza kulipira ng'ombe ngakhale itafera m'njira isanafike m'khola mwako.

Nchito inacedwa. Mapulani ankasinthidwa, zomangidwa kale nkuphwasulidwa. Ciwongola dzanja cinakwera. Mtengo wa mafakitale asanu aja, umene poyamba unali madola 4 biliyoni ndi pang'ono, unafika pafupifupi madola 24 biliyoni pofika 1981. Ndipo anthu sanafune magetsi oculuka monga akatswiri ananenera. Mtengo utakwera, anayamba kuzimitsa nyali ndi kusamala.

Mu Januwale 1982 nchito ya fakitale yacinai ndi yacisanu inaimitsidwa. Ngongole inatsala.

Pamenepo zipinda za misonkhano, zimene kale zinkakhala ndi mipando yopanda anthu, zinadzaza. Anthu okwiya anabwera ndi mapepala ao a malipiro m'manja. Anapanga magulu, anakadandaula ku mabwalo, ndipo oyang'anira ena anagwa pa masankho. Mu Juni 1983 bwalo lalikulu la cigawo linagamula kuti mabungwe a ku Washington analibe mphamvu m'lamulo yosaina pangano lotero, conco sakakamizidwa kulipira. Mwezi wotsatira WPPSS inalephera kubweza madola 2 biliyoni ndi 250 miliyoni. Panthawiyo, m'mbiri yonse ya America, panalibe bungwe la boma laling'ono limene linalepherapo ngongole yaikulu cotero. Amene anabwereketsa ndalamazo, ambiri a iwo anthu wamba osungira ukalamba wao, anabwezeredwa gawo cabe patapita zaka.

Pa mafakitale asanu, imodzi yokha inatha, ndipo inayamba kugwira nchito mu 1984. Ngongole za fakitale imeneyo ndi za zina ziwiri zinalowa mu mtengo wa magetsi a Bonneville, anthu nkumazilipira zaka zambirimbiri. Ku Satsop kunatsala nsanja ziwiri zazikulu za simenti zimene sizinagwirepo nchito imene anazimangira.

Kodi wolakwa ndani? Ena amati akatswiri. Ena amati omanga. Koma pa pepala lirilonse panali dzanja la woyang'anira wosankhidwa ndi anansi ake. Ambiri a iwo anali anthu oona mtima. Anakhulupirira anthu ophunzira, ndipo sanafunse funso limene mlimi aliyense amafunsa pogula mbeu pa ngongole: nanga mvula ikakana, ndidzabweza ndi ciani? Anthu a m'madera nawo anabwera ku msonkhano pangano litasainidwa kale zaka zisanu.

Mabungwewo sanafe. M'cigawo ca Washington alipo 28, ena a magetsi, ena a madzi, ena a zonse ziwiri. Mu 2000 lamulo linawalola kuyala mawaya a intaneti, cifukwa makampani ankazengerezanso kufika kumidzi monga anacitira ndi magetsi. Mu 2008 anthu a dera la Jefferson, amene bungwe lao linkagawa madzi, anavota kuti litengenso magetsi kwa kampani ya Puget Sound Energy. Kukambirana mtengo, kupeza ngongole ndi kulemba anchito kunatenga zaka zoposa zinai. Bungwelo linayamba kugawa magetsi mu Epulo 2013.