Mwambo umene magemu oombera anabweretsa pa kompyuta

Pa magemu onse a pa kompyuta, amene makolo ndi aphunzitsi amawakayikira kwambiri ndi aja amene wosewera amayenda ngati ali m'katimo, akuona zonse ndi maso ake, mfuti ili kutsogolo. Osewera amawatchula mwachidule kuti FPS. Nkhawa ya makolo si yopanda pake, poti chimene chimaoneka pa sikirini ndi kuomberana ndi magazi. Koma tikatsata mbiri ya magemuwa, tipeza kuti phindu lawo lalikulu silili pa mfuti. Lili pa mwambo umene anaukulitsa: wopanga gemu kupatsa wosewera zida zoti aisinthe, ndiyeno osewera kumakumana, kuphunzitsana ndi kupanga zawozawo. Mwambowu unatheka chifukwa magemuwa anakulira pa kompyuta, makina amene mwini wake amatha kuwamasula, kuwonjezamo zipangizo ndi kulembamo mapulogalamu, pomwe makina a magemu olumikiza ku TV ankabwera otsekeratu.

Chiyambi chenicheni chinalibe malonda. Mu 1973, anyamata atatu a sukulu amene ankaphunzira ntchito ku NASA Ames ku California, Steve Colley, Greg Thompson ndi Howard Palmer, analemba Maze War pa makina a Imlac PDS-1. Inali mizere chabe yosonyeza makoma ndi tinjira tokhotakhota, koma posakhalitsa analumikiza makina awiri kuti anthu azisakana. Thompson atapita kukaphunzira ku MIT anaitenga, ndipo kumeneko anzake anaikulitsa mpaka inayamba kuseweredwa pa ARPANET, kholo la intaneti. Aliyense amene gemuyo inafika m'manja mwake anawonjezapo kanthu, n'kupatsira wina.

Amene anasandutsa chizolowezi chimenechi kukhala mwambo wa anthu ambiri ndi kampani yaing'ono ya id Software ya ku Texas. Itatulutsa Wolfenstein 3D mu 1992, osewera ena anayamba kuibowoleza movutikira kuti asinthe zithunzi ndi zipinda zake. Kampani ina ikanathamangira kwa maloya. John Carmack, katswiri wa mapulogalamu pa kampaniyo, anasankha njira ina: popanga Doom analekanitsa injini ya gemu ndi mafayilo otchedwa WAD, momwe munali mapu, zithunzi ndi phokoso, kuti aliyense azitha kuikamo zake popanda kuwononga gemu. Doom inatuluka pa 10 Disembala 1993, chigawo choyamba chili chaulere, ndipo munthu anali womasuka kukopera mnzake pa disiketi. Wachinyamata ankatsegula pulogalamu yojambulira mapu, n'kulemba khoma lililonse mzere ndi mzere, kuganizira kutalika kwa denga ndi kumene kuwala kuchokere, kenaka n'kulowa m'chipinda chimene wamanga yekha. Khomo likakana kutseguka ankabwerera kukafufuza pamene walakwitsa. Mapu otere anafika masauzande, ndipo Tim Willits, mmodzi wa amene ankawapanga, anadzalembedwa ntchito ndi id Software yomweyo. Mu 1997 kampaniyo inatulutsa poyera malangizo a pulogalamu ya Doom kuti ofuna kuphunzira awerenge.

Quake, ya mu 1996, inapitiriza pomwepo, ndipo zipatso zake n'zowerengeka ndi maina. Anyamata atatu a ku Australia, Robin Walker, John Cook ndi Ian Caughley, anaisintha kukhala Team Fortress, momwe wina amakhala dokotala, wina injiniya, wina kazitape, moti wosewera modzikonda amagwetsa gulu lonse. Kampani ya Valve inamanga Half-Life ya mu 1998 pa injini ya Quake, nayonso n'kusiya zida m'manja mwa osewera. Chaka chotsatira ophunzira awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, anapanga Counter-Strike kuchokera mu Half-Life. Valve inaitenga mu 2000, ndipo mpaka lero anthu akusewera mbadwa yake, Counter-Strike 2, asanu mbali ino asanu mbali inayo. Apa tikuona kuti magemu ena otchuka kwambiri a mtunduwu sanachokere m'maofesi. Anachokera kwa osewera amene anapatsidwa mpata.

Kukumana nakonso kunali mbali ya mwambowu. Doom inkalola makompyuta anayi kulumikizana, ndipo anthu anayamba kunyamula makompyuta awo olemera, ndi zingwe zomwe, kupita kwa anzawo kukachezera usiku wonse. Mu 1996 osewera Quake anasonkhana mu hotela ina ku Garland, Texas, aliyense ndi kompyuta yake, ndipo msonkhano wa QuakeCon unayambira pamenepo. Mu 1997 Dennis Fong anapambana mpikisano wa Red Annihilation n'kupatsidwa galimoto ya Ferrari ya Carmack. Amene ankafuna kusewera m'masiku amenewo ankakakamizika kuphunzira kulumikiza netiweki ndi kusintha zipangizo. Njala yawo ya zithunzi zoyenda mofulumira inakulitsanso msika wa makadi a zithunzi, monga Voodoo ya 3dfx ndi GeForce 256 ya Nvidia ya mu 1999. Makadi a mtundu womwewo, awiri okha, ndi amene ofufuza a ku yunivesite ya Toronto anagwiritsa ntchito mu 2012 pophunzitsa pulogalamu ya AlexNet kuzindikira zithunzi, ntchito imene inatsegula njira ya AI ya masiku ano.

Wotsutsa anena kuti zonsezi sizifufuta magazi, ndipo ali ndi pogwira. Mu Epulo 1999 anyamata awiri anaombera anzawo pa sukulu ya Columbine ku Colorado, ndipo zinadziwika kuti ankakonda Doom. Dziko la Germany linaletsa kugulitsa gemuyo kwa ana kuyambira 1994 mpaka 2011. Chisoni cha mabanja a ku Columbine sichingachepetsedwe. Komabe funso n'lakuti kodi gemu ndiyo inayambitsa chiwawacho, ndipo umboni sunafike pamenepo. M'zaka zomwe magemuwa ankafalikira kwambiri ku America, milandu ya chiwawa ya achinyamata inkatsika. Mu 2011 khoti lalikulu la dzikolo linathetsa lamulo la California loletsa kugulitsa magemu achiwawa kwa ana, ndipo mwa zifukwa zake linati kafukufuku sanasonyeze kuti magemuwo ndiwo amachititsa ana nkhanza. Mu 2020 bungwe la American Psychological Association, limene limavomereza kuti magemuwa amawonjezerako pang'ono ukali, linanena kuti palibe umboni wokwanira wowalumikiza ndi chiwawa chenicheni. Kumbali ina, kafukufuku wa Shawn Green ndi Daphne Bavelier wa mu 2003 anapeza kuti magemu othamanga chonchi amanola maso kuti azitsata zinthu zambiri nthawi imodzi. Izi sizikutanthauza kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri apatsidwe Doom. Zizindikiro za zaka zimene bungwe la ESRB linayamba kuika mu 1994 n'zofunika kuzitsatira.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Magemu amadya nthawi, ndipo mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza kuti kusewera kosadziletsa ndi matenda. Asilikali a America anatulutsa America's Army mu 2002 pofuna kukopa achinyamata kulowa usilikali. Magemu ambiri atsopano salola wosewera kusintha kanthu kapena kuyendetsa seva yake, koma amamugulitsa tizovala ndi utoto wa mfuti. Zonsezi n'zoona, koma zikusonyeza kumene vuto lagona: pamene wosewera wasandutsidwa wogula chabe, phindu lija limachepa. Choncho kholo kapena mphunzitsi wofuna kuweruza gemu yotere asangoona mfuti. Afunse ngati mwanayo akusewera ndi anzake, ngati akutha kuisiya nthawi ikakwana, ndiponso ngati gemuyo ikumulola kupanga chake. Ndipo makampani amene analemera ndi ntchito ya osewera a m'ma 1990 ali ndi ngongole yopereka zida zomwezo kwa achinyamata a lero.