Ngongole yopanda chiwongoladzanja: kuchokera ku Kilwa mpaka ku Domasi

Sabata yatha mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, pano akugulitsa mpunga pa Songani, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngongole za Chisilamu zimene tikumvazi zimatsatadi Sharia, kapena angosintha dzina?" Ndinamuyankha monga mwa chizolowezi changa: tiyambe ndi mbiri.

Chisilamu chinafika kuno potsata njira za malonda. M'zaka za m'ma 1800 Ayao ankapita ku Kilwa ndi minyanga komanso, tisabise, akapolo, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Pamene a Church of Scotland ankatsegula mishoni ya Domasi mu 1884 kwa mfumu Malemia, njirazi zinali zitapondedwa kale. Maulendo ambiri ochokera kugombe ankayenda pa ngongole ya katundu wa amwenye a ku Zanzibar. Tsono nkhani ya chipembedzo ndi ngongole sinayambe lero.

Lamulo lake ndi lomveka. Chiwongoladzanja, chimene amati riba, n'choletsedwa. Phindu lichokere m'malonda enieni, ndipo mwini mpamba akhale wokonzeka kuluza nawo.

Kuyesa kumanga banki pa lamuloli kunaoneka mu 1963 ku Mit Ghamr, ku Egypt, komwe Ahmad El-Naggar anatsegulira alimi banki yosungira ndalama. Mu 2001 Amjad Saqib anayambitsa Akhuwat ku Pakistan, yobwereketsa osauka popanda chiwongoladzanja. Kwathu kuno FDH Bank inatsegula Salama Banking.

Vuto lagona pa murabaha, njira imene mabungwe ambiri amaikonda. Bungwe liyenera kugula katundu, tinene feteleza, akhale wake, kenako likugulitse pa mtengo wokwererapo umene mwagwirizana. Koma likangokupatsa ndalama m'manja n'kulemba kuti "tagulitsa feteleza" amene silinamuonepo, ameneyo ndi katapila wovala mkanjo.

Mtsikana uja ndinamupatsa mafunso atatu oti akafunse asanasaine. Katunduyu anakhalapo wa bungwe ndisanamutenge? Ndikachedwa kubweza, ngongole ikula? Siiyenera kukula, ndipo chindapusa chikakhalapo chipite kwa osowa. Nanga mashehe amene anavomereza mgwirizanowu ndi ati, ndipo amabweranso kudzaona mabuku?

Aphunzitsi anzanga, mafunso omwewa tikayese nawo banki mkhonde yathu ya mu staff room. Ndikudziwa ena a ife tiyang'ana pansi.